NZERU ZA MASIKU ANO: MADZI SAIWALA KHWAWA

Mwezi wa October ukafika, dambo limanyenga. Udzu umakhala utapsa, nthaka itauma gwa, malo onse ali see ngati bwalo la mpira. Munthu wofuna pomanga nyumba akaima pamenepo amayesa watola mwai, pakuti palibe mitengo yogwetsa, palibe zitsa zozula, ndipo dothi loumbira njerwa lili pafupi. Amamanga ndithu, nafolera ndi malata amene anagula atagulitsa cimanga ca zaka ziwiri. Koma pofika February madzi amayamba kutumphuka kunsi kwa mphasa, cipupa cimacita mng'alu, cimbudzi cimadzala ndi kusefukira, ndipo ana amayamba kutsegula m'mimba. Pamenepo akulu amapukusa mitu, nati madzi saiwala khwawa.

Nkhani ya sabata ino ndi ya masukulu akuluakulu amene amaphunzitsa acinyamata kuti asamanyengedwe ndi malo motero, ndiponso ya makina ochedwa kompyuta amene analowa m'maphunziro amenewo pafupifupi zaka 60 zapitazo. Ciyambi cake cili kutali, ku America ndi ku Canada. Koma funso limene ophunzirawo amalimbana nalo ndi lomwe lija la bambo wa m'mudzi: kodi nyumba ikhale pati, citsime pati, njira idzere kuti, ndipo ndi malo ati amene ayenera kusiyidwa osakhudzidwa?

NCHITO YOKONZA MALO

Anthu ambiri amadziwa katswiri wolemba mapulani a nyumba. Ocepa okha ndiwo amadziwa kuti pali katswiri winanso amene nchito yake ndi yolinganiza zonse za kunja kwa nyumba: mitengo, minda ya maluwa, mabwalo opumulirako, ngalande, misewu, magombe a mitsinje, ngakhale dera lonse la mzinda watsopano. Pa Cingelezi luso limeneli amalicha landscape architecture. Amene analichukitsa ndi Bambo Frederick Law Olmsted, omwe mu 1858, pamodzi ndi anzao a Calvert Vaux, anapambana mpikisano wokonza munda waukulu wa Central Park mu mzinda wa New York. Mundawo ndi wa mahekitala pafupifupi 340, ndipo ulipo kufikira lero. Mu 1900 yunivesiti ya Harvard inayamba kuphunzitsa luso limeneli monga phunziro paloka. Kuno ku Africa, yunivesiti ya Pretoria ku South Africa inatsegula maphunziro otere mu 1971.

Kwa zaka zambiri zida za wophunzira zinali pepala, pensulo, rula ndi utoto. Anali kuphunzira kujambula ndi dzanja, kudziwa maina a mitengo, ndi kupima kutsetsereka kwa nthaka. Munda wa munthu mmodzi sunali wobvuta. Bvuto linali kubwera pamene malo akula. Pofuna kusankha podzera msewu wa makilomita ambiri, mutu wa munthu mmodzi sungasunge nthawi imodzi za dothi, za madzi, za nkhalango, za midzi ndi za miyala ya pansi. Ukayang'ana cimodzi, cina cimakuthawa.

MAPEPALA OONEKERA KUSERI

Mphunzitsi amene anachuka ndi njira yothetsera bvuto limeneli ndi Bambo Ian McHarg. Iwo anabadwa mu 1920 ku Clydebank, pafupi ndi Glasgow m'dziko la Scotland. Anamenya nawo Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, anaphunzira ku Harvard nkhondo itatha, ndipo mu 1954 anayamba kuphunzitsa pa yunivesiti ya Pennsylvania mu mzinda wa Philadelphia.

Mu March 1962 namondwe wamkulu anaomba gombe la New Jersey kwa masiku atatu, nagwetsa nyumba zikwi zambiri. A McHarg anaonetsa kuti tsokalo linali lodziitanira. M'mphepete mwa nyanja yamcere muli milu ya mcenga imene imagwiridwa ndi mizu ya udzu, ndipo miluyo ndiyo linga lochinjiriza mtunda ku mafunde. Anthu anali atasalaza milu imeneyi, napondereza udzu, namanga nyumba pamwamba penipeni pa lingalo cifukwa cofuna kuona nyanja ali pakhonde. Namondwe anangodzera pa khomo limene eni ake anatsegula. Phunziro limene a McHarg anali kupatsa ophunzira ao linali lakuti malo alionse ali ndi nchito imene akugwira kale munthu asanafike, ndipo womanga ayenera kuyamba waidziwa nchitoyo.

Njira yao inali yapafupi kumva. Pamene panali mkangano wa podzera msewu waukulu pa cisumbu ca Staten ku New York, iwo anajambula mapu oposa khumi a dera limodzimodzilo, alionse pa pepala lake la pulasitiki loonekera kuseri. Pepala lina linali la kutsetsereka kwa nthaka, lina la malo osunga madzi, lina la dothi lokokoloka msanga, lina la nkhalango, lina la nyama za m'thengo, lina la malo a mbiri yakale, lina la nyumba za anthu. Pa pepala lililonse, malo amene msewu ukanaononga kwambiri anawadetsa ndi utoto, malo amene ukanaononga pang'ono anawadetsa pang'ono, ndipo kwina anasiya koyera. Atatha anasanjikiza mapepala onse pa tebulo lowala kunsi. Pamene panada bii panali posayenera kudzera. Pamene kuwala kunapyola panali njira yosapweteka zinthu zambiri. Njira imeneyi anaifotokoza m'buku lao la Design with Nature limene linatuluka mu 1969, ndipo linawerengedwa m'masukulu a maiko ambiri. Kusanjikiza mapu sanayambe ndi iwo, pakuti akatswiri ena monga a Warren Manning anali kucita zimenezi kale mu 1912, koma iwo ndiwo anakusandutsa phunziro la m'kalasi.

Nzeruyi inayesedwa pa mzinda weniweni. Kumpoto kwa Houston ku Texas kunatsegulidwa mzinda watsopano wa The Woodlands mu 1974, m'dera lacigwa la nkhalango kumene madzi sayenda msanga. A McHarg ndi anzao anayamba ndi mapu a dothi. Malo a mcenga amene amamwa madzi anawasiya ndi mitengo yake, nyumba zambiri anaziika pa dothi lolimba losamwa madzi, ndipo m'malo mokwirira mipope anasiya makwawa ndi ngalande zaudzu. Mu 1979 kunagwa cimvula coopsa. Madera oyandikana nawo anamira, koma nyumba za mu mzindawo zinapulumuka.

KOMPYUTA ILOWA M'KALASI

Mapepala oonekera kuseri anali ndi malire ake. Ukasanjikiza ambiri, zonse zimangoda, osaonanso kusiyana. Ukasintha maganizo pa cinthu cimodzi, unayenera kujambulanso pepala lonse, nchito ya masiku ambiri. Ndiponso panalibe njira yabwino yonenera kuti madzi akhale ofunika kuwirikiza kawiri kuposa maonekedwe a malo. Apa ndi pamene kompyuta inapeza khomo.

Mu 1965 Bambo Howard Fisher, katswiri wa mapulani a nyumba wocokera ku Chicago, anatsegula cipinda cofufuzira za kujambula mapu ndi kompyuta pa sukulu ya zomangamanga ya ku Harvard, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Ford Foundation. Pulogalamu yao inali kuchedwa SYMAP. Kompyuta za nthawi imeneyo zinali zazikulu zodzaza cipinda, zopanda galasi loonerapo. Wophunzira anali kugawa dera m'timabokosi tofanana monga mabedi a nazale, nalemba nambala ya kabokosi kalikonse, naboola nambalazo pa makadi. Makadiwo anali kuwapereka kwa oyendetsa makina, ndipo yankho linali kubwera patapita maola, mwina mawa lake. Mapu anali kutuluka pa makina osindikiza zilembo. Pofuna kudetsa malo, makinawo anali kumenya zilembo zingapo pamalo amodzi mpaka pade. Pofuna malo oyera anali kungoika kadontho. Kulakwitsa khadi limodzi kunali kuyambanso.

Ngakhale zinali zocedwa motero, mphunzitsi wina wacinyamata, Bambo Carl Steinitz, anaona phindu lake. Mu 1967 iwo ndi ophunzira ao anagwiritsa nchito makinawa posanthula dera la Delmarva, kumene zigawo za Delaware, Maryland ndi Virginia zimakumana, kuti aone malo oyenera ulimi, oyenera mizinda ndi oyenera kusungidwa. Zimene a McHarg anali kucita ndi utoto, iwo anazicita ndi masamu: kabokosi kalikonse kanali ndi nambala ya dothi, ya madzi, ya nkhalango, ndipo kompyuta inali kuphatikiza.

Pa zaka zomwezo, ku Canada, Bambo Roger Tomlinson anali kukonzera boma la dzikolo njira yosungira mapu a nthaka, ulimi ndi nkhalango m'kompyuta. Iwo ndiwo anachukitsa dzina limene lidakagwirabe nchito, la GIS, kutanthauza dongosolo losunga ndi kusanthula cidziwitso ca malo.

Pakati pa ophunzira a ku Harvard panali mnyamata wina, Jack Dangermond, amene anakulira mu nazale ya mitengo ya makolo ake ku Redlands, California. Anatsiriza maphunziro a kakonzedwe ka malo mu 1969, ndipo caka comweco iye ndi mkazi wake Laura anayambitsa kampani ya Esri kwao ku Redlands. Mu 1982 kampaniyo inatulutsa pulogalamu ya ARC/INFO, kholo la mapulogalamu a mapu amene maboma ambiri akugwiritsa nchito lero. Motero cida cimene masiku ano cimathandiza a zaumoyo, a zamigodi ndi a kalembera wa anthu cinaleredwa, mbali yaikulu, m'kalasi ya okonza minda.

MAKINA AWIRI, NCHITO ZIWIRI

Wophunzira wa lero amaphunzitsidwa zida ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. GIS imayankha funso lakuti "pati?". Cida cinaco, cochedwa CAD, ndico kujambula mapulani ndi kompyuta, cimayankha funso lakuti "motani?". Ciyambi ca CAD cinaoneka mu 1963 pamene Bambo Ivan Sutherland, ali wophunzira pa sukulu ya MIT, anaonetsa kuti munthu angathe kujambula pa galasi la kompyuta ndi colembera ca kuwala. Mu 1982 munatuluka pulogalamu ya AutoCAD imene inali kugwira pa kompyuta zazing'ono za pa tebulo, ndipo m'zaka zotsatira matebulo ojambulirapo anayamba kucepa m'makalasi.

Tsono tayerekezani wophunzira amene wapatsidwa nchito yokonza malo a sukulu yatsopano pa mahekitala 10. Amayamba ndi GIS. Amatsegula cithunzi ca malowo cojambulidwa kucokera kumwamba, naikapo mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, mapu a dothi, a mitsinje, a misewu ndi a midzi imene ana adzacokera. Kenaka amafunsa makina kuti amuonetse malo osatsetsereka kwambiri, otalikira mtsinje, a dothi losadikha madzi, koma oyandikira msewu. M'kanthawi kocepa malo otere amaonekera. Akasintha funso, yankho limasinthanso pomwepo, cinthu cimene kale cinali kudya masabata.

Makina amamuwerengeranso madzi, ndipo masamu ake mlimi aliyense angawatsate. Mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa denga la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, patsika malita 1,000. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa hekitala imodzi, agwa malita 500,000, ndiyo migolo 2,500 ya malita 200. Pa nthaka yokhala ndi udzu ndi mitengo, ambiri mwa madziwo amalowa pansi. Pa bwalo loseseredwa mpaka mbee, kapena lowakidwa simenti, amathamanga onse kukafuna kotsika. Wophunzira amaonetsedwa pa galasi kumene adzalowera, ndipo ngati akulunjika pa khomo la kalasi amadziwiratu njerwa isanaumbidwe.

Malo atasankhidwa, amatembenukira ku CAD. M'menemo amajambula njira, masitepe, ngalande, mabedi a maluwa ndi dzenje la mtengo uliwonse, zonse ndi miyeso yake yeniyeni. Makina amamuuza kuculuka kwa dothi lokumba pamtunda ndi lokwirira kunsi, kuti ziwirizi zilingane ndipo pasakhale ndalama zolipira galimoto yotaya dothi. Amamuwerengera mbande zofunika ndi utali wa mipope. Angathenso kumuonetsa kumene mthunzi wa mtengo udzagwera masana mtengowo utakula, kuti asabzale pamene mizu idzang'amba maziko kapena nthambi zidzatsekereza kuwala kwa m'kalasi. Mwini nchito akati njira isunthe mamita awiri, wophunzira sang'amba pepala. Amasuntha mzere umodzi, miyeso nisintha yokha.

Zida zimenezi zinali za olemera okha, koma zatsika mtengo. Setilaiti yoyamba ya Landsat inaponyedwa mu 1972, ndipo kuyambira mu 2008 zithunzi zake zimaperekedwa kwaulere. Pulogalamu ya QGIS, imene inayamba mu 2002, munthu aliyense angaitenge pa intaneti osalipira. Ngakhale foni ya m'manja masiku ano imatha kuuza munthu pamene waima.

CIMENE MAKINA SAONA

Komabe m'masukulu amenewa muli nkhani imene siitha, ndipo ndiyo mtima wa zonse. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene yapatsidwa. Ikapatsidwa mapu akale, imayankha za kale. Ikapatsidwa zolakwika, imabweza zolakwika, koma zitabvala utoto wokongola ndi mizere yoongoka, kotero kuti munthu amacita manyazi kuzitsutsa. Mapu a dzanja anali kuonetsa okha pamene wojambula anakaika. Mapu a makina amaoneka otsimikiza ponseponse.

Pa cithunzi ca Landsat, kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. M'kadontho kameneko mungalowe citsime, nkhokwe ndi dimba laling'ono, zonse osaoneka. Zithunzi zina zimaona bwino kuposa pamenepo, koma ngakhale zakuthwa kwambiri zili ndi khungu lake. Cithunzi cojambulidwa m'cilimwe cingaonetse dambo ngati malo abwino omangapo, monga momwe maso a bambo uja anamunamizira mu October. Manda amaoneka ngati kankhalango wamba. Njira ya ng'ombe yopita kumadzi, mtengo wa msonkhano, malo otapa dothi la mbiya, khwawa limene limadzuka kamodzi pa zaka khumi, zonsezi sizilembedwa kumwamba. Zili m'mitu ya anthu okhala pamalopo.

Pali cinanso cobisika. Makina amaphatikiza nambala, koma wopereka nambalazo ndi munthu. Pa mapu a msewu wa ku Staten aja panali pepala la mtengo wa malo ndi la mtengo wa nyumba, ndipo nyumba zodula ndizo zinadetsedwa kwambiri. Otsutsa anaona msanga ngozi yake: njira yotere ikatsatidwa mwakhungu, kuwala kumapyola pa nyumba za osauka, ndipo msewu umalozedwa kumeneko. Makina sanasankhe zimenezo. Anasankha ndi amene anagwira utoto. Cifukwa cake wophunzira wabwino amaphunzitsidwa kufunsa kuti, kodi anaika miyeso imeneyi ndani, ndipo anafunsa yani?

N'cifukwa cake masukulu ambiri sanataye pensulo. Wophunzira amatumidwabe kukayenda pamalo ndi kabuku, kukumba dothi ndi kulifinya m'manja, kuona mitengo imene yamera, kubwererako mvula itagwa, ndi kukhala pansi ndi eni dera. Dzanja likamajambula mtengo, diso limakakamizika kuuyang'anitsitsa, pamene pa kompyuta munthu angathe kudzaza munda wonse ndi mitengo imene sanaionepo. Makina afulumiza kuwerenga, koma sanalowe m'malo mwa phazi ndi khutu.

PHUNZIRO LA LUSAKA

Dziko la Zambia lili ndi citsanzo cake ca mtengo wa kusafunsa nthaka. Mu 1931 Profesa Stanley Adshead wa ku London analemba pulani ya likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Cikonzero cinali ca mzinda wa minda ndi misewu yotakata ya mitengo. Koma pulaniyo inasamala kwambiri za Azungu ndi maofesi a boma la atsamunda, osaganizira mokwanira za anthu akuda amene anadzabwera kudzagwira nchito. Anthuwo anamanga pamene anapeza malo, ndipo ambiri anapeza kumadzulo ndi kum'mwera kwa mzinda.

Dera limenelo ndi lathyathyathya, ndipo kunsi kwake kuli mwala wa laimu wokhala ndi mapanga ndi ming'alu. M'dzinja madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba, ndipo mvula imasowa kolowera. Mu 1978 komboni ya Kanyama inamira, nyumba zambiri zinagwa, ndipo mabanja zikwi anasowa pogona. Mwala womwewo ndiwo umalola zonyansa za m'zimbudzi zokumba kuyenda msanga kukalowa m'zitsime zosaya. Kolera inabuka mu 2017 kufikira 2018, nibweranso mwamphamvu mu 2023 kufikira 2024, pamene inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa.

Mapepala atatu okha, la miyala ya pansi, la madzi ndi la nyumba za anthu, atasanjikizidwa amaonetsa poyera pamene pali ngozi. Masiku ano mapu otere amathandiza posankha kokumba ngalande ndi koyambira kupereka madzi a m'mipope. Koma kukonza mzinda womangidwa kale n'kodula kuposa kuulinganiza usanamangidwe. Mabwalo a malonda ndi timatauni timene tikukula m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya m'maboma tidakali ndi mwai umene Kanyama inasowa.

ZA KUMUDZI

Makina amenewa afika kale kumidzi ina. M'zaka za pakati pa 2014 ndi 2018, m'maboma a Chipata ndi Petauke, mabungwe oona za malo anagwira nchito ndi mafumu polemba malire a minda ya anthu, pogwiritsa nchito zithunzi za kumwamba ndi timakina ta m'manja, ndipo mabanja analandira zikalata za malo ao zosainidwa ndi mfumu. Cofunika kuona ndi cakuti makina paokha sakanalemba ngakhale munda umodzi. Panafunika mwini munda, woyandikana naye ndi nyakwawa kuti ayende m'malire pamodzi, nagwirizane kuti culu ici ndi ca uje, mtengo uwo ndiwo polekezera. Lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la mu 2015 limatsegulanso njira yakuti makhonsolo azipangana ndi mafumu pokonza mapulani a malo a mwambo. Motero anthu onyamula mapu adzafika m'midzi yambiri.

Akafika, mudzi usangoombera m'manja cithunzi cifukwa cakuti catuluka m'makina. Amai amene amatunga madzi anene citsime cimene cimaphwa mu September ndi cimene siciphwa. Abusa a ng'ombe aloze njira za ziweto. Agogo anene pamene madzi anafika caka ca cigumula. Ndipo anthu afunse kuti cithunzico cinajambulidwa mwezi uti. Katswiri wophunzitsidwa bwino sakwiya ndi mafunso otere, pakuti ndiwo amene aphunzitsi ake anamutuma kukafuna.

Ngakhale popanda kompyuta, banja lingathe kusanjikiza mapu ake pa mcenga wa pabwalo. Ajambule poyamba kumene madzi amadzera mvula ikagwa. Pamwamba pake aike malo amene pamamera bango, katope ndi mikuyu, pakuti zomera zimenezi zimaulula madzi obisika. Aonjeze dothi lakuda lomata limene limang'ambika m'cilimwe, losayenera maziko. Atatero aone pamene patsala: nyumba pamtunda, cimbudzi kunsi kwa citsime ndiponso patali mamita osacepera 30, migula yopingasa citsetse m'munda, ndi mitengo yosiyidwa m'mbali mwa mtsinje. Wofuna malo atsopano akawaone kawiri, m'cilimwe ndi pakati pa dzinja, asanaumbe njerwa.

Kwa makolo amene ali ndi ana kusukulu palinso mau. Pa yunivesiti ya Zambia mu Lusaka pali maphunziro a kupima malo ndi a jogalafe, ndipo pa yunivesiti ya Copperbelt ku Kitwe pali a mapulani a nyumba ndi a mizinda. Khomo lake ndi masamu, sayansi ndi jogalafe, ndipo n'lotsegukira atsikana ndi anyamata mofanana. Mwana wa kumudzi asadziyese wotsalira cifukwa sanakhudzepo kompyuta. Kugwiritsa makina kumaphunziridwa m'miyezi yowerengeka. Koma kudziwa kuti msangu umayoyola masamba m'dzinja nusiya cimanga cikule kunsi kwake, kuzindikira dothi ndi fungo lake, kuona mtundu wa udzu n'kudziwa kuti pansi pali madzi, zimenezi mnzake wa m'tauni adzazifunafuna m'mabuku kwa zaka. Mwana amene analima dimba ndi agogo ake ali kale ndi theka la phunziroli.

A McHarg anamwalira mu 2001, ataona mapepala ao a pulasitiki atasanduka magalasi a kompyuta. Zida zinasintha, ndipo zidzasinthanso. Koma mvula ya mamilimita 50 idakagwetsabe migolo 2,500 pa hekitala, ndipo madziwo adzatsata khwawa lao lakale, kaya pulani inajambulidwa ndi makina odula kapena ndi kamtengo pa mcenga. Amene afuna kumanga caka cino ayambe wayenda pamalopo mvula ili kugwa, ndipo atenge wacikulire mmodzi wa m'deralo kuti amuperekeze.